Mtengo wodziwitsa zabwino ndi zoipa

Mtengo wodziwitsa zabwino ndi zoipa ndi umodzi mwa mitengo iwiri yapadera ya m'munda wa Edeni, yomwe nkhani yake ili m'buku la Genesis kuyambira 2:4 mpaka 3:24. Winawo ndi mtengo wa moyo. Malinga ndi nkhaniyi, Mulungu adaletsa munthu woyamba kudya zipatso za mtengowu, koma Adamu ndi mkazi wake Hava adadya, adazindikira kuti ali maliseche, ndipo adatulutsidwa m'mundamo. Akhristu amatenga nkhaniyi ngati maziko a chiphunzitso cha kugwa kwa munthu ndi tchimo lobadwa nalo, pomwe Ayuda ndi Asilamu amaimva mwa njira zina. Funso lomwe owerenga akhala akulimbana nalo kwa zaka mazanamazana ndi lakuti: ngati anthu awiriwa adali asanadziwe chabwino ndi choipa, kusamvera kwawo kudali kulakwa motani? M'chigawo chapakati cha Malawi nkhaniyi idapeza inzake ili kale, ya Kaphirintiwa, yomwe nayonso imafotokoza momwe nzeru zatsopano za munthu zidamulekanitsira ndi Mulungu.

Zomwe nkhaniyi imanena

Mulungu adaumba munthu ndi dothi n'kumuika m'munda kuti aziulima ndi kuusamala. M'Chihebri muli kusewera ndi mawu pamenepa, chifukwa munthu ndi adam ndipo nthaka ndi adamah. Munthuyo adaloledwa kudya zipatso za mitengo yonse kupatula umodzi, ndipo adachenjezedwa kuti akadzadya za mtengowo adzafa (2:16-17). Lamuloli lidaperekedwa mkazi asanalengedwe. Mutu 2 umatha awiriwo ali maliseche koma osachita manyazi.

Mu mutu 3, njoka idauza mkazi kuti sadzafa, koma adzafanana ndi Mulungu pa kudziwa zabwino ndi zoipa. Mkazi adaona kuti chipatsocho n'chabwino kudya, n'chokongola, ndiponso n'chopatsa nzeru. Adadya, napatsako mwamuna wake amene adali naye pomwepo. Chinthu choyamba chomwe adadziwa n'chakuti ali maliseche, choncho adasoka masamba a mkuyu n'kuvala, kenaka adabisala. Mulungu atawafunsa, mwamuna adaloza mkazi, mkazi adaloza njoka.

Njoka ndi nthaka zidatembereredwa. Mkazi adauzidwa za zowawa za pobereka ndi za kulamulidwa ndi mwamuna, ndipo mwamuna adauzidwa kuti adzadya thukuta lake mpaka adzabwerere kudothi. Mulungu adawasokera zovala zachikopa, adavomereza kuti munthu wadziwadi zabwino ndi zoipa (3:22), ndipo adawatulutsa kuti asadyenso za mtengo wa moyo. Sadafe tsiku lomwelo: Genesis 5:5 amati Adamu adakhala zaka 930.

Mwambo wa Ayuda ndi Akhristu umati Mose ndiye adalemba Genesis. Akatswiri ambiri a Baibulo, potsatira kafukufuku yemwe Julius Wellhausen adamutchukitsa mu 1878, amati nkhani ya Edeni ndi ya masiku a chilengedwe ya mu Genesis 1 zidachokera kwa alembi osiyana, ndipo zidalumikizidwa pambuyo pake.

Zomwe sizili m'nkhaniyi

Zinthu zingapo zomwe anthu amakonda kunena za nkhaniyi sizipezeka mu Genesis 2 ndi 3. Dzina la chipatso silitchulidwa. Ganizo lakuti lidali apozi lidakula ku Ulaya, ndipo ambiri amaliona kuti lidathandizidwa ndi kufanana kwa mawu a Chilatini otanthauza apozi ndi choipa, omwe onse amalembedwa malum. Njoka sitchedwa Satana. Imangofotokozedwa ngati nyama yochenjera koposa zinzake. Kuigwirizanitsa ndi mdierekezi kudadza m'mabuku a pambuyo pake, monga Nzeru za Solomoni 2:24, buku lomwe lili m'Baibulo la Akatolika, ndi Chivumbulutso 12:9. Liwu lakuti tchimo nalonso mulibe; limayamba kuoneka pa Genesis 4:7, m'nkhani ya Kaini.

Ku Malawi, monga kwina konse, anthu ena amati chipatsocho chimaimira kugonana, ndipo mawu akuti chipatso choletsedwa amagwiritsidwa ntchito motero pocheza. Mipingo ikuluikulu sivomereza zimenezi, chifukwa mdalitso wa kubereka (1:28) ndi ukwati (2:24) zimatchulidwa chipatso chisanadyedwe.

Tanthauzo la kudziwa zabwino ndi zoipa

Mawu a Chihebri akuti tov wara amamasuliridwa m'njira zinayi zikuluzikulu.

Yoyamba imati ndi nzeru yosiyanitsa choyenera ndi chosayenera, yomwe mwana wamng'ono alibe. Deuteronomo 1:39 ndi Yesaya 7:15-16 amagwiritsa ntchito mawu otere pokamba za ana. Vuto lake n'lakuti n'kovuta kuona chifukwa chomwe Mulungu angamanire munthu nzeru yotere, pomwe pa 1 Mafumu 3:9 Solomoni adaipempha ndipo Mulungu adakondwera.

Yachiwiri imati zabwino ndi zoipa akutanthauza zinthu zonse, monga momwe m'Chichewa timanenera kuti akulu ndi ana potanthauza anthu onse. Pamenepa mtengowu ukuimira kufuna kudziwa zonse monga Mulungu.

Yachitatu imati ndi kutha msinkhu. Umboni wake ndi manyazi a umaliseche omwe adadza atangodya, komanso 2 Samueli 19:35, pomwe Barizilai, wa zaka 80, amadandaula kuti sathanso kusiyanitsa chokoma ndi choipa. Wolemba Genesis adayandikizanso dala mawu awiri ofanana kamvekedwe: arummim, amaliseche (2:25), ndi arum, wochenjera (3:1).

Yachinayi imati kudziwa kumeneku ndi mphamvu ya kugamula, monga ya mfumu poweruza mlandu. Munthu adafuna kudziikira yekha malire a chabwino ndi choipa m'malo mowalandira kwa Mlengi. Uku ndiye kumasulira komwe Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992 amatsata pa ndime 396.

Kusalakwa, kusadziwa ndi kusamvera

Chingerezi chili ndi liwu limodzi, innocence, lomwe limanena za munthu wopanda mlandu komanso za mwana amene sanaone zambiri. Chichewa chimalekanitsa ziwirizi: pali kusalakwa ndipo pali kusadziwa. Mkangano wonse wa nkhani ya Edeni uli pakati pa mawu awiriwa. Ngati Adamu ndi Hava adali osalakwa chifukwa choti adali osadziwa, ndiye kuti sakadazindikira kuti kusamvera n'koipa, ndipo chilango chawo chikuoneka chopyola muyeso. Koma ngati adali odziwa kale kuti kumvera n'kwabwino, ndiye kuti mtengowo udawapatsa chinthu china, osati nzeru yosiyanitsa chabe.

Ambiri oteteza chiphunzitso cha kugwa amasankha yankho lachiwiri. Amati mkazi adatha kubwereza lamulo kwa njoka (3:2-3), kusonyeza kuti ankalidziwa. Chomwe adalibe ndi kudziwa choipa mwa kuchilawa, monga momwe munthu amene sanadwalepo amadziwira matenda mwa kumva chabe. Ena amayankha kuti munthu amene sanaonepo imfa kapena bodza sakadatha kuyeza kukula kwa chenjezo ngakhale kukayikira njoka.

Pa liwu la kumvera, Chichewa ndi Chihebri zimayendera limodzi. Mneni wa Chihebri shama amatanthauza kumva ndi khutu komanso kumvera, monga momwe kumva ndi kumvera zilili za tsinde limodzi m'Chichewa. Mwana wosamva si wogontha ayi, ndi wokanika, ndipo mwambi umati samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Mu Genesis 3 mlandu wa mwamuna ndi woti adamvera liwu lina kusiya la Mulungu (3:17), ndipo atadya chipatso, kumva Mulungu akubwera kudamuchititsa mantha (3:10).

Momwe zipembedzo zimaimvera

Irenaeus, episkopi wa ku Lyon wa m'zaka za m'ma 100, ankati Adamu ndi Hava adalengedwa ngati ana oti akule pang'onopang'ono, ndipo njoka idawanyenga mosavuta chifukwa cha ubwana wawo. Kwa iye cholakwa chawo chidali kufulumirira chinthu nthawi yake isanakwane. Mipingo ya Orthodox idasunga zambiri za maganizo otere.

Augustine (354-430), episkopi wa ku Hippo, m'dziko lomwe lero ndi Algeria, adaphunzitsa zosiyana. Iye ankati Adamu adali ndi nzeru zokwanira ndi ufulu wosachimwa, mtengowo sudali woipa pawokha, ndipo lamulolo lidali lopepuka kwambiri kotero kuti kuliswa kudali mlandu waukulu, wochokera m'kudzikuza. Adaphatikiza izi ndi Aroma 5:12-21 n'kunena kuti anthu onse amabadwa ndi tchimo la Adamu. Pelagius ankati Adamu adangosiya chitsanzo choipa, koma msonkhano wa maepiskopi ku Carthage mu 418 udakana maganizo akewo. Msonkhano wa Trent udatsimikizanso chiphunzitso cha tchimo lobadwa nalo mu 1546. Kumbali ya mipingo yokonzedwa, Katekisimu wa Heidelberg wa 1563 amafunsa ngati Mulungu salakwira munthu pomulamula zomwe sangathe, ndipo amayankha kuti ayi, popeza munthu adalengedwa ali wotha kumvera koma adadzitayitsa yekha mphatsoyo.

Chiyuda chilibe chiphunzitso cha tchimo lobadwa nalo. Arabi amaphunzitsa kuti munthu aliyense ali ndi zikoka ziwiri mumtima, chokokera ku zabwino ndi chokokera ku zoipa, ndipo amayankha pa zosankha zake. Maimonides, polemba ku Egypt cha m'ma 1190, adati Adamu asanadye ankadziwa choona ndi chonama, ndipo kudyako kudamutsitsa kuti azilingalira za chokoma ndi chonyansa.

Korani imasimba nkhaniyi mu Sura 2, 7 ndi 20. M'menemo mulibe njoka, wonyenga ndi Satana, ndipo mtengowo iye amautchula kuti wa moyo wosatha. Mwamuna ndi mkazi adalakwa limodzi, adapempha chikhululuko, ndipo Mulungu adalandira kulapa kwa Adamu. Asilamu amakhulupirira kuti mwana amabadwa wopanda tchimo ndipo palibe wosenza mlandu wa mnzake.

Mwa anzeru a pambuyo pake, Immanuel Kant adalemba mu 1786 kuti nkhaniyi ikuonetsa munthu akuchoka pa kutsogoleredwa ndi chibadwa monga nyama n'kuyamba kugwiritsa ntchito nzeru ndi ufulu, zomwe zidali kutaya kwa munthu payekha koma kupita patsogolo kwa mtundu wa anthu.

Nkhaniyi m'Chichewa ndi ku Lilongwe

Nkhani ya Edeni idafika m'dera la Lilongwe kudzera mwa amishoni. A mpingo wa Dutch Reformed adatsegula Mvera mu 1889 ndi Nkhoma mu 1896, ndipo ansembe a White Fathers adakhazikika ku Likuni mu 1903. Baibulo lonse la Chinyanja, Buku Lopatulika, lidatuluka mu 1922, ntchito yomwe adatsogolera ndi William H. Murray mothandizana ndi amishoni ena ndi aphunzitsi a kuno. Akatolika adatulutsa Malembo Oyera mu 1966, omasuliridwa ndi Bambo Louis Villy. Buku Loyera, lomwe Akatolika ndi Apulotesitanti adamasulira limodzi, lidatuluka mu 1998.

Kusiyana kumodzi pakati pa mabukuwa kumakhudza nkhaniyi mwachindunji. Pomwe Buku Lopatulika limalemba dzina la Mulungu kuti Yehova, Buku Loyera limalemba kuti Chauta, dzina lomwe Achewa ankatchula Mulungu wa mvula ndi utawaleza amishoni asanabwere. Choncho wowerenga Buku Loyera amapeza m'munda wa Edeni dzina lomwelo lomwe lili m'nthano ya Kaphirintiwa.

Lero m'mzinda wa Lilongwe, womwe udakhala likulu la dziko mu 1975 ndipo udali ndi anthu 989,318 pa kalembera wa 2018, kumasulira konse kwatchulidwa pamwambapa kumaphunzitsidwa moyandikana: kwa Akatolika ku Maula ndi m'maparishi ena, kwa Sinodi ya Nkhoma m'mipingo ya CCAP, kwa Asilamu pa mzikiti waukulu wa ku Old Town ndi m'madrasa, komanso m'makalasi a African Bible College ku Area 47, yomwe idatsegulidwa mu 1991. Ophunzira a sekondale amakumananso nayo nkhaniyi m'phunziro la Bible Knowledge.

Kufanana ndi nthano ya Kaphirintiwa

Kaphirintiwa ndi kaphiri ka m'mapiri a Dzalanyama, kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, m'malire ndi Mozambique. M'mapiri omwewa ndimo mumachokera mtsinje wa Lilongwe, womwe umadutsa pakati pa Old Town ndi kupereka madzi akumwa mumzindawu kudzera m'madamu a Kamuzu. Achewa amati anthu oyamba, mwamuna ndi mkazi, adatsikira pamenepa kuchokera kumwamba pamodzi ndi mvula, nyama ndi Chauta, atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, ndipo mapazi awo adadinda pathanthwe lomwe lidali lofewa. Matthew Schoffeleers ndi Adrian Roscoe adaisindikiza nthanoyi m'buku la Land of Fire mu 1985.

Onse ankakhala mwamtendere mpaka tsiku lomwe munthu adapeka moto ndi timitengo tiwiri, kofewa ndi kolimba. Adachenjezedwa kuti aleke koma sadamve, ndipo tchire lidapsa. Galu ndi mbuzi zidathawira kwa munthu, pomwe njovu, mkango ndi nyama zina zidathawa zitakwiya naye. Birimankhwe adakwera mumtengo, koma Chauta adati ndi wokalamba, sangathe kukwera, mpaka kangaude adamulukira ulusi wokwerera kumwamba. Pokwera, Chauta adalamula kuti munthu azifa ndi kumutsatira kumwambako.

Nkhani ziwirizi zimagwirizana pa mfundo zingapo: mtendere wa pachiyambi, luso kapena nzeru yatsopano, chenjezo losamveredwa, udani pakati pa munthu ndi nyama, ndi kubwera kwa imfa. Zimasiyananso m'malo ofunika. Ku Edeni lamulo ndi chilango chake zidanenedwa munthu asanachite kanthu, pomwe ku Kaphirintiwa chenjezo lidadza ntchito itayambika. Ku Edeni wotulutsidwa ndi munthu, koma ku Kaphirintiwa wochoka ndi Chauta, ndipo munthu amatsala ndi dziko pamodzi ndi moto wake, womwe ndi woononga komanso wophikira, wosulira ndi wosakira. Nthano ya Achewa sinena za tchimo lopatsirana mwa kubadwa. Ilibenso njoka yonyenga. M'chipembedzo cha makolo, njoka yopatulika yotchedwa Thunga inkakhudzana ndi mvula pa kachisi wa Makewana ku Msinja, m'munsi mwa mapiri omwewo.

Nkhaniyi ndi udindo wa amayi

Chifukwa choti mkazi ndiye adayamba kudya, nkhaniyi yakhala ikugwiritsidwa ntchito poletsa amayi kutsogolera mumpingo, makamaka powerenga 1 Timoteo 2:13-14. Otsutsa amakumbutsa kuti lamulo lidaperekedwa kwa mwamuna, kuti iye adali pomwepo ndipo sadakane, ndiponso kuti Paulo pa Aroma 5 amaika mlandu pa Adamu. Phyllis Trible, m'buku lake la 1978, adati kulamulidwa kwa mkazi pa 3:16 ndi chotsatira cha kusokonekera kwa chilengedwe, osati dongosolo la pachiyambi. Ku Malawi, Isabel Apawo Phiri, m'buku la Women, Presbyterianism and Patriarchy la 1997, adaonetsa kuti amayi a Chichewa ankatsogolera chipembedzo pa akachisi a mvula monga wa Makewana, koma mumpingo wa amishoni wa m'chigawo chapakati sadapatsidwe maudindo otere.

Msinkhu wodziwa cholakwa

Funso la Edeni limabweranso pomwe anthu akugamula msinkhu womwe mwana angayambe kuimbidwa mlandu. Malamulo a Mpingo wa Katolika a 1983 amatenga mwana amene wakwanitsa zaka 7 ngati woyamba kugwiritsa ntchito nzeru. Kwa Ayuda mnyamata amasenza malamulo pa zaka 13, ndipo kwa Asilamu udindo umayamba munthu akatha msinkhu. Akatolika, Anglican ndi CCAP amabatiza makanda, pomwe Abaptisti, a Seventh-day Adventist ndi mipingo yambiri ya Chipentekoste amadikira kuti munthu azindikire yekha kulakwa kwake ndi kulapa. Pa Chichewa, chinamwali ndicho chimaika malire: amene sanalangizidwe amatengedwa ngati mwana, koma wolangizidwa akaphwanya mwambo sanganene kuti sadadziwe.

Malamulo a dziko amatsata mfundo yomweyi. Gawo 14 la Penal Code ya Malawi, momwe lidasinthidwira mu 2011, limati mwana wosakwana zaka 10 sangaimbidwe mlandu, ndipo wosakwana zaka 14 angaimbidwe pokhapokha patapezeka umboni woti pa nthawi yochitayo adali wotha kudziwa kuti sayenera kutero. Kale malire oyambawo adali zaka 7.

M'njira zonsezi kudziwa kumayamba, mlandu umatsatira. Mu Genesis 3 zikuoneka ngati zatembenuka, popeza kudziwa kudadza munthu ataswa kale lamulo. N'chifukwa chake omasulira amagawikana mpaka lero, ena poona m'nkhaniyi kupanduka kwa munthu wodziwa, ena poona kukula kowawa kwa mwana.